Nkhoswe ya Mabuku

Achemwali anga, mwana wa amayi aakulu, amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, kudera kumene misewu ili ndi mthunzi wa mitengo ya jakaranda ndipo mpanda uliwonse uli ndi mawaya amagetsi pamwamba. Amagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mabwana awo, moyang'anizana ndi chingwe choyanikapo zovala. Tsiku lawo lopuma ndi Lamlungu. Akaweruka kutchalitchi amakwera matakisi awiri kudzandiona. Timaphika nsima uku tikuunena ufa wa kuno kuti sufika pa ufa woyera wa kwathu, ndipo akapezeka wina wotsika basi ya ku Lilongwe pa Park Station, patebulo pamakhalanso usipa.

Lamlungu lina anaima nthawi yaitali patsogolo pa shelefu yanga ya mabuku, manja ali kumbuyo ngati munthu woyendera munda wa eni. Panali patatha miyezi itatu chimvereni kuti alamu kumudzi atenga mkazi wina, ndipo akukhala naye m'nyumba yamalata imene inamangidwa ndi marandi a achemwaliwo.

"Iwe wasukulu," anatero, "tandibwerekako buku lachikondi. Lokoma. Kuchipinda kuja usiku umatalika."

Ndinasolola So Long a Letter la Mariama Bâ, mayi wa ku Senegal. Bukuli linatuluka m'Chifalansa mu 1979, ndipo Modupé Bodé-Thomas analimasulira m'Chingerezi chosavuta. Ndi lalifupi, munthu amene analekeza Folomu 2 akhoza kulitsiriza. Ndi kalata ya mayi wa ana 12 amene mwamuna wake anamutaya n'kukakwatira mtsikana, mnzake wa mwana wawo yemwe. Mumtima ndinkadziyamikira kuti ndasankha bwino: buku lenileni, la mkazi wa mu Africa muno, lokamba ndendende zimene zawagwera achemwali.

Lamlungu lotsatira anabwera nalo atalikulunga bwinobwino m'pulasitiki kuopa mvula.

"Ndafika pamene amuna atatu aja anabwera kudzamuuza mayiyo kuti mwamuna wake wakwatira," anatero. "Ndalekera pomwepo. Ine ndinapempha buku lachikondi, iwe wandipatsa galasi loonera. Nkhope yanga ndikuidziwa kale, mng'ono wanga."

Tinaseka, nkhani n'kupita ku zina. Koma ine inandikhala pamtima, ndipo mpaka lero ndikuitembenuzabe. Munthu akakupempha buku loti asangalale nalo, kodi umupatse chimene wapempha, kapena chimene iwe waona kuti chimuthandiza? Ndipo ngati buku limene akufunalo limanena za amuna zinthu zimene amuna a m'moyo wake sanamuchitirepo, kodi ukamuikira m'manja wamuchitira chifundo kapena wamunamiza?

Ndiyambe ndi kuulula kuti mabuku amene achemwali ankafunawo ndimawadziwa bwino kuposa mmene shelefu yanga ikuonetsera. Kusekondale yogonera komweko, a Mills & Boon ankazungulira hositelo yonse ngati mchere wobwerekana pamudzi. Tinkawakuta ndi nyuzipepala kuti ameturoni asaone chithunzi cha pachikuto, tinkawerenga ndi tochi titafunda bulangete kumutu, ndipo wina akagona nalo buku usiku wachiwiri ankamva mawu m'mawa. Ambiri anali othothoka masamba otsiriza, koma panalibe wodandaula poti mathero tinkawadziwa kale. Kampaniyi anaiyambitsa Gerald Mills ndi Charles Boon ku London mu 1908, ndipo amuna a m'mabuku amene ankatipezawo anali madokotala, eni mafamu a nkhosa ku Australia, ndi mabwana a ku Greece okhala ndi zisumbu zawozawo. Pambali pake panali a Pacesetters, amene Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977, olembedwa ndi anthu a kuno: Evbu My Love la Helen Ovbiagele wa ku Nigeria, For Mbatha and Rabeka la David Maillu wa ku Kenya, Love on the Rocks la Andrew Sesinyi wa ku Botswana. Ife tinawapeza atakalamba kale, ena osokedwa ndi ulusi pamsana. Chingerezi chimene ndikudyera lero ndinachitola m'menemo. Cha m'kalasi chinangobwera kudzachipesa tsitsi.

Manyazi ndinakawaphunzira kuyunivesite. Palibe mphunzitsi amene anaimirira n'kutiletsa. Ankangolowa okha ngati utsi wa kukhitchini m'zovala. Pomaliza digiri yachiwiri ndinali nditakhazikika m'maganizo kuti buku labwino ndi limene limakusiyira bala. Ndiye tsiku limene achemwali anapempha buku lokoma, dzanja langa linapita lokha kumene linazolowera.

Mlandu wa mabuku achikondi ndi wakale, ndipo amene akhala akuuzenga si anthu wamba. Plato sankafuna alakatuli ambiri mumzinda wabwino umene ankaulingalira, chifukwa ankati amalimbikitsa zilakolako zimene nzeru imayenera kuzilamulira. Mu 1856 George Eliot, mkazi amene ankalemba ndi dzina lachimuna, anatulutsa nkhani yonyoza manovelo a azimayi anzake kuti ndi opusa. Chaka chomwecho Gustave Flaubert anayamba kutulutsa Madame Bovary, nkhani ya Emma, amene anakula akuwerenga manovelo achikondi, n'kupeza kuti mwamuna wake dokotala wakumudzi sakufanana ndi amuna a m'mabukumo. Anapita kunja, analowa m'ngongole, mapeto ake anamwa poizoni. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, kumene azimayi achihausa akhala akulemba ndi kugulitsa m'misika mabuku otchedwa littattafan soyayya kuyambira m'ma 1980, akuluakulu a boma anatentha ena mwa mabukuwo poyera mu 2007 ponena kuti akuwononga atsikana. Ameturoni athu sanamvepo za Flaubert, koma chiweruzo chawo chinali chomwecho.

Chimene ndinachedwa kuchizindikira n'chakuti wotetezedwayo nthawi zonse amakhala wamkazi. Anyamata a msinkhu wathu ankameza James Hadley Chase buku ndi buku, nkhani za mfuti ndi kuthyola mabanki, koma sindinamvepo wina akudera nkhawa kuti akaweruka kusukulu akathyola banki. Mnyamata ankadziwika kuti amasiyanitsa buku ndi moyo. Mtsikana ankayesedwa dothi lonyowa, loti chilichonse chimene chapondapo chisiya phazi.

Komabe kudziwa amene akuzenga mlandu sikuthetsa mlanduwo. Uli ndi mbali ziwiri, ndipo imodzi ndi yolemera kuposa inzake.

Mbali yopepukayo imati mabukuwa ndi bodza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mwamuna womvetsera, wopepesa, woleza mtima, amene amasiya zonse chifukwa cha mkazi mmodzi, mumupeza kuti? Koma bodza limafuna wina wonamizidwa. Agogo akati "Padangokhala," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse," tinkadziwa tonse kuti kalulu sadzafera m'dzenje la mkango. Palibe mwana amene m'mawa mwake anapita kutchire kukafuna kalulu wolankhula, ndipo palibe amene anawanena agogo kuti ndi abodza. Chokoma chinali kuona kuti lero apulumuka bwanji. Novelo yachikondi ili ndi pangano lofanana: zivute zitani, awiriwo adzathera limodzi. Wolemba akudziwa, wogulitsa akudziwa, wowerenga akudziwa. Ndi chifukwa chake ife kuhositelo sitinkalira masamba othothoka aja. Ndipo Emma Bovary, amene amatchulidwa nthawi zonse ngati umboni woti mabuku amawononga akazi, nayenso ndi munthu wa m'buku. Anamupeka ndi mwamuna. Azimayi enieni owerenga mabukuwa amene ine ndikuwadziwa ndi omwe amamuona mwamuna wachinyengo akadali patali.

Taganizaninso mmene pangano lotere limamvekera kwa munthu wokhala ngati achemwali. Ku Joni kuno palibe chimene chimauza munthu wobwera mmene zinthu zidzathere. Mabwana akhoza kulengeza Lachisanu kuti akusamukira ku Cape Town. Mapepala ali ndi tsiku lothera. Mu 2008, mu 2015 ndiponso mu 2019 anthu obwera anathamangitsidwa m'makomboni ndi m'misewu, ena anaphedwa, Amalawi ambiri anabwerera kwawo pa mabasi atasiya katundu yense. Foni ikalira usiku, nambala ili ya kumudzi, mtima umayamba wathawa munthu asanayankhe. M'moyo wotere, kugwira m'manja chinthu chimodzi chimene ukudziwa kuti sichikutembenukira pamapeto si chinthu chaching'ono. Ine, amene malipiro anga amalowa kubanki ndipo chitseko ndimatseka changa, ndili ndi malo mumtima osungiramo mabala a m'mabuku. Ndinaiwala kufunsa ngati iwo ali nawo.

Mbali yolemera ya mlanduwo siikamba za bodza. Imati mabukuwa ndi mankhwala opha ululu, ndipo munthu amene ululu wake waphedwa sapita kukazulitsa dzino. Janice Radway, wofufuza wa ku America, anaikamba nkhaniyi bwino m'buku lake la mu 1984, Reading the Romance. Iye anacheza ndi azimayi owerenga manovelo achikondi m'tauni ina, ndipo onsewo ankadalira mayi mmodzi wogulitsa m'sitolo ya mabuku, amene Radway anamupatsa dzina lakuti Dot, kuti awauze buku loyenera kugula ndi loyenera kulisiya. Anapeza kuti kwa azimayiwo kutsegula buku kunali ngati kutseka chitseko: ola limenelo mwamuna ndi ana adikire. Anapezanso kuti chimene ankachifuna kwambiri m'nkhanizo sichinali chuma cha mwamunayo koma kusamalidwa. Anthu amene tsiku lonse amasamalira ena, popanda wowafunsa ngati adya, ankapeza m'buku munthu wamphamvu amene akusamalira mkazi. Koma Radway sanalekere pamenepo. Anafunsanso ngati mpumulo umenewu suwapatsa azimayiwo mphamvu zongokwanira kubwerera ku moyo womwewo mawa lake, popanda kusintha kalikonse.

Funso limeneli sindingalikankhire pambali. Achemwali amachapa, kusita, kukolopa ndi kulera ana a eni masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ana awo ali kutali makilomita oposa chikwi, ndipo n'zoona kuti buku lokoma limawathandiza kudzuka Lolemba. Amene amapindula ndi kudzuka kwawoko si iwo okha.

Koma ndikayang'anitsitsa zimene ndinachita Lamlungu lija, sindipezamo dokotala wa mano. Kuwamana panado sikukanazula dzino. So Long a Letter silikanabweza nyumba yamalata ija. Ndiponso, pamene ine ndinkaganiza zowatsegula maso, iwo anali atachita kale zimene munthu wotseguka maso amachita. Sabata yomwe anamva za mkazi winayo anasiya kutumiza ndalama kwa alamu. Anayamba kuzitumiza kwa amayi aakulu pa Mukuru, fizi ya ana n'kumalipira mwachindunji kusukulu, ndipo anatuma amalume kuti akaitanitse ankhoswe. Zonsezi anazichita asanawerenge tsamba limodzi la buku lililonse, langa kapena lawo. Kudzuka kumene ndinkafuna kuwapatsa sikunali kwanga kupereka. Anapempha mpumulo, ine ndinawapatsa phunziro, chifukwa pansi pa mtima ndinali nditawaika m'gulu la dothi lonyowa lija. Chinali chipongwe chovala malaya a chifundo.

Chochititsa manyazi kwambiri n'chakuti ine ndemwe ndimawerenga Persuasion la Jane Austen pafupifupi chaka chilichonse. Anne Elliot anakana mwamuna amene ankamukonda chifukwa chomvera achikulire, patapita zaka zisanu ndi zitatu mwamunayo anabweranso, anavutana, anamvana, anakwatirana. Pangano lake ndi lomwe lija la kuhositelo. Kusiyana kwake n'kwakuti bukuli limaphunzitsidwa m'mayunivesite, choncho ine ndikamapuma nalo ndimati ndikugwira ntchito. Akuluakulu anati mtima suvala nsanza. Ine ndinkaganiza kuti wanga wokha ndiwo uyenera kuvala bwino.

Pali china chimene ntchito yanga yomasulira imandionetsa, chimene chinandikuza mlanduwu m'maso. Achemwali amawerenga Chingerezi pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Akanakonda buku lachikondi la m'Chichewa, ndipo ine ndinalibe loti ndiwapatse. Ntchito imene anthu amandilipira kuti ndiike m'Chichewa ndi timapepala ta Edzi, ta kolera, ta katemera, mafomu opempha chilolezo cha kafukufuku, malangizo a kathiridwe ka feteleza. Zonse ndi zofunika, ndipo zonse ndi machenjezo. Zikuoneka ngati anthu a ndalama amakumbukira chiyankhulo chathu pokhapokha akafuna kutiuza kuti tisambe m'manja. Manovelo a Chichewa amene ndinawerenga ndili mwana anali okoma m'njira yawo, ndipo olemba ake ndimawalemekeza, koma ngakhale mitu yake inali miyambi yochenjeza: Madzi Akatayika la Willie Zingani, Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba. M'nkhani zambiri za nthawi imeneyo zimene ndikukumbukira, chikondi chikangoonekera, wowerenga ankadziwiratu kuti kutsogoloku kuli mimba yapathengo, matenda, kapena basi yobwerera kumudzi munthu ali chimanjamanja. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ogula mabuku a Chichewa ambiri anali sukulu ndi mipingo, ndipo kuyambira 1968 kunali lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa buku kapena kanema aliyense. Aubrey Kalitera, amene ankadzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre m'ma 1980 pa dzina la Power Pen Books, mwa ena To Ndirande Mountain with Love, ankalembera anthu wamba ofuna kusangalala, koma ankalemba m'Chingerezi.

Si kuti chiyankhulocho n'chosauka. Tili ndi kufunsira mbeta, tili ndi chikole, chitomero, kunyengererana, wapamtima. Tili ndi mikanda ya m'chiuno ndi zonse zimene anamkungwi amanena chitseko chitatsekedwa. Oimba athu amazigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Papepala pokha ndi pamene chikondi chathu chimafika chitaperekezedwa ndi mlangizi. Ndiye pamene ndinawapatsa achemwali buku lophunzitsa m'malo mwa lokoma, ndinangowonjezera kapepala kena pamulu wa machenjezo umene akhala akulandira chibadwire.

Mpaka pano nkhaniyi ikumveka ngati yatha: munthu wamkulu apatsidwe chimene wapempha. Ine ndinkaganizanso choncho kufikira tsiku limene achemwali anatulutsa m'chikwama Hlomu the Wife la Dudu Busani-Dube. Anawabwereka ndi mnzawo wachizulu wogwira ntchito nyumba yoyandikana nayo. Busani-Dube ndi mtolankhani amene anadzisindikizira yekha bukuli, n'kumaligulitsa kuchokera m'buti ya galimoto yake, mpaka linafala dziko lonse lino ndipo mu 2021 Showmax inalisandutsa sewero la The Wife. Hlomu ndi mtsikana mtolankhani wobwera ku Johannesburg kuchokera ku Durban. Mqhele Zulu ndi woyendetsa takisi, mmodzi mwa abale asanu ndi atatu okhala ndi chuma ndi zinsinsi zamagazi. Amakumana cha pa renki ya Bree, pamene achemwali amasinthira takisi Lamlungu lililonse. Apa panalibe zisumbu za ku Greece. Anali mapazi awo omwe, m'misewu yawo yomwe.

"Unawerengapo ili? Lili bwanji?"

Ndinali nditawerenga. Ndinkadziwa kuti ndi lokoma, loti ukaliyamba mphika umapserera. Ndinkadziwanso kuti Mqhele amamukonda Hlomu mopenga ndiponso amamumenya, ndipo Hlomu sachoka. Apa mlandu wakale uja uli ndi mano. Lino ndi dziko limene mu Seputembala 2019 azimayi anakhamukira ku Sandton kukatseka misewu chifukwa cha kuchuluka kwa akazi ophedwa, ambiri mwa iwo ndi amuna awo omwe. Kwathunso alipobe amene amauza mkwatibwi kuti banja ndi kupirira, ndi kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Buku limene likuika nkhonya pakati pa mphatso ndi misozi ya kupepesa silikunena bodza limene wowerenga akulidziwa kuti ndi bodza, ngati la kalulu lija. Likubwereza chinthu chimene anthu ambiri amachikhulupirira kale.

Ndinali ndi njira zitatu. Ndikanangoti "n'labwino" n'kukhala chete, kuopa kubwereza cholakwa changa choyamba. Ndikanawauza kuti alibweze kwa mwini wake, n'kukhalanso ameturoni. Njira yachitatu ndinakumbutsidwa ndi nkhani imene inali m'kamwa mwathu miyezi yonseyo, ya ankhoswe. Nkhoswe sasankhira munthu mwamuna. Koma nkhoswe yeniyeni siyimangoombera m'manja. Imafufuza khalidwe la kumene mwana akupita, imanena zimene yapeza ngakhale zili zowawa, ndipo ukwati ukachitika siyithawa: ikhalapo kuti pakavuta anthu akhale ndi kokadandaula. Achemwali ankati ankhoswe awo ankadziwa kalekale za chibwenzi cha alamu koma ankangodya nawo nkhuku. Wolangiza buku amene akudziwa zimene zili m'katimo n'kukhala chete pofuna kuoneka wabwino sasiyana nawo.

"Ndi lokoma, achemwali, simuliika pansi," ndinatero. "Koma mwamunayo amamenya. Ndipo bukulo limamukhululukira msanga kuposa mmene ine ndingamukhululukire. Mukamaliza mudzandiuze mmene mwamuonera."

Anamaliza m'masabata awiri, akugona mochedwa. Atabwera anakhala pansi asanavule n'komwe nsapato.

"Ameneyo ndikumudziwa," anatero. "Kwathu aliko atatu. Ndimawerenga uku ndikumukalipira mtsikanayo kuti nyamula zako uzipita." Anakhala chete pang'ono, kenako anawonjeza motsitsa mawu: "Koma kumukonda amamukonda."

Mawu otsirizawo sanandisangalatse, ndipo sindinabise. Tinakangana mpaka nsima inazizira. Iwo ankati munthu akhoza kukonda n'kukhalabe chilombo, ndipo kuvomereza zimenezi si kumuikira kumbuyo. Ine ndinkati chikondi chimene chimasiya mkazi ali ndi diso lotupa chipatsidwe dzina lina. Palibe amene anagonja. Sindikudziwa ngati bukulo linawalimbitsa pa zimene ankakhulupirira kale kapena linawapatsa mpata wozinena mokweza kuti zimvedwe ndi kutsutsidwa. Mwina zonse ziwiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkangano umenewo So Long a Letter silinaubweretse, chifukwa linabwerera m'pulasitiki lisanathe.

Pochoka anandichenjeza kuti ndisayerekeze kutumiza bukulo kwa mwana wawo wamkazi, amene ali Folomu 3 kumudzi. Ndinati sindingatero, ndipo ndinawafunsa chifukwa chake iwo angaliwerenge koma iye ayi.

"Ujayo ndi mwana. Sanaone kanthu." Kenako anandiyang'ana m'maso n'kuseka. "Ndi mmene unandionera iwe tsiku lija eti? Ngati mwana wa Folomu 3. Ine amene ndinakusinthapo matewera."

Kuyambira pamenepo ntchito yanga ya unkhoswe ndimaigwira mosamala. Buku lililonse ndimayamba ndaliwerenga, makamaka mathero ake, chifukwa mutu umanamiza: Stay with Me la Ayobami Adebayo limamveka ngati lachikondi, ndipo ndi buku lamphamvu, koma ladzaza ndi maliro a ana, ndiye kuchipinda chakuseri kuja silipita. Amene anawakomera msanga ndi a Ankara Press, amene Bibi Bakare-Yusuf ndi anzake a Cassava Republic ku Nigeria anayambitsa mu 2014 ndi cholinga choti mkazi wa mu Africa adzione m'nkhani zachikondi ali ndi ntchito yake ndi maganizo ake, ndipo mwamuna akhale wina woti ukhoza kukumana naye pamsika. Mu A Tailor-Made Romance la Oyindamola Affinnih, mkazi wa ntchito yapamwamba amakopeka ndi telala, ndipo achemwali anati telala ndiye mwamuna, poti amayamba wakuyeza asanadule nsalu. The Elevator Kiss la Amina Thula limachitikira ku Cape Town. Love in Colour la Bolu Babalola, la mu 2020, ndi nkhani zifupizifupi zoumbidwa kuchokera ku nthano zakale za maiko osiyanasiyana, ndipo imodzi imakwana ulendo wa pa takisi kuchokera ku Bree kukafika kwawo. A Mills & Boon akale ndimawagula kwa anyamata oyala mabuku m'mphepete mwa misewu ya m'tauni, ndipo sindiwakutanso ndi nyuzipepala.

Limene linawatengera nthawi yaitali ndi Indigo la Beverly Jenkins, la mu 1996. Ndi lalitali, Chingerezi chake n'cholemererapo, ndipo ndinawauziratu kuti muli za kuchipinda zambiri zonenedwa mosabisa. Anati iwo ndi ntchembere, ndisawaphunzitse. Nkhaniyo ikuchitika ku America ukapolo usanathe. Hester Wyatt anabadwa kapolo, ndipo ali mwana ankagwira ntchito yonyika utoto wa indigo, moti manja ndi mapazi ake anasanduka amtundu wa utotowo mpaka kalekale. Atamasuka akukhala ku Michigan, kumene amabisa akapolo othawa. Tsiku lina amubweretsera mwamuna wovulala kuti amubise, ndipo mwamunayo, m'malo mopenya kumbali akaona manjawo, amawakonda mpaka kumutcha mkaziyo dzina la utotowo.

Analisunga masabata asanu. Tsiku limene analibweza tinali kutsuka mbale, ndipo ndinawaona atasiya mbale m'madzi akuyang'ana manja awo, amene Jik ndi madzi ozizira a m'nyengo ya chisanu ya ku Joni anawang'amba m'mphindi mwa zala. Sananene kanthu za manjawo, nanenso sindinafunse.

Chimene ananena n'chakuti nkhaniyo akhala akuifotokozera azimayi anzawo akaweruka kutchalitchi, gawo ndi gawo, m'Chichewa, ndipo mayi wina wa ku Mangochi amene sawerenga Chingerezi wafunsa ngati buku lotere lilipo m'chiyankhulo chathu.

"Iwe suja umamasulira? Kapena umangodziwa za kolera?"

Ndinayamba kufotokoza za chilolezo cha mwini buku, za wosindikiza, za ndalama zimene palibe amene angapereke.

"Ndiye lemba lako," anatero, akupukuta manja pachitenje. "Koma umve. Mwamunayo asamenye. Asafe kumapeto, ndakudziwa iwe. Asakhalenso wolemera kwambiri, tingamukayikire. Akhale dalaivala wa mabasi a ku Malawi, kapena telala. Ndipo mkaziyo asakhale kamtsikana. Akhale ndi ana ake kale."

Dzuwa linali litapendeka, ndipo matakisi a kwawoko amavuta kukada. Anaika buku lina m'chikwama, pansi pa Baibulo ndi nsalu ya chigwirizano, ndipo ndinawaperekeza kumsewu tikukangana ngati dalaivalayo akhale wa ku Dedza kapena wa ku Nkhotakota.